Mlendo Amene Akuti Ndi Zuze

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno kwa Kalindawalo tilipo. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma thonje tagulitsa ngati tikutaya. Chiyambireni zipani zambirizi, ogula akubwera ochuluka, aliyense ndi sikelo yake, ndipo sikelo iliyonse ili ndi bodza lake. Ine ndimayamba ndanyamula thumba ndi manja kuti ndimve kulemera kwake, monga munkachitira inu. Amuna anga a Lungu, apongozi anu, amandiseka kuti mkazi wa ku Mozambiki sakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chake. Mimba imene munandisiya nayo ija inabadwa mwana wamkazi. Tinamutcha Rozina, dzina lanu, ndipo watengera mphuno yanu ndi liuma lanu lomwe.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi china. Kwabwera munthu, Amayi. Akuti ndi Zuze, mwana wanu uja anatengedwa pankhondo.

Anatsika minibasi ku Nyimba titangokolola, n'kumafunsa pamsika za anthu a kwathu amene sanabwerere nkhondo itatha. Anafika pano pa lole ya thonje, ndi kachikwama kamodzi. Ndi wamtali, wakuda ngati atate, ndipo msinkhu wake ndi womwe Zuze akanakhala nawo. Akudziwa dzina la atate, la mudzi wathu ku Maravia, ngakhale la galu wathu. Koma zimenezo aliyense angazitole kwa anthu amene anabwerera kwawo. Ndiponso ndani sadziwa kuti munasiya dimba la kumtsinje, limene munandilumbiritsa kuti ndi la Zuze ndipo lisagulitsidwe? Anthu awiri analifuna kale ndinawakaniza. Munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinakumbuka mphini zitatu zimene munatitema paphewa lakumanzere nkhondo itayandikira, kuti tikadzasochera tidzadziwane. Ndinamuuza kuti avule malaya. Amayi, paphewapo pali chipsera cha moto chachikulu ngati chikhatho. Akuti anamuwotcha ndi chikwanje cha pamoto kumsasa wa anthu a mfuti amene anamugwira. Msana wonse uli bwinobwino, moto n'kukasankha pomwepo pamene pali chizindikiro? A Lungu anangoti, “Uyu ni kawalala, mupitikitse asanazolowele.” Sindinamuthamangitse, komanso sindinamuitane dzina. Ndinkangoti “mlendo”.

Lamulungu lina Misa itatha, ansembe anationetsa kanema wa nkhondo ya ku Ulaya. Tinaona Ayuda atawaunjika m'misasa ya waya waminga, owonda mafupa okhaokha, atawalemba manambala pamkono ngati matumba a thonje. Panali gogo wina amene anathawa pokwawa pansi pa waya, ndipo akatekisi ankatimasulira kuti anafunafuna mlongo wake mpaka imvi. Anzathu a konkuno ankangoti, “Azungu nawo nkhanza!” Ife ochokera kutsidya sitinadabwe, chifukwa fungo la malo otero timalidziwa. Ndinaganiza kuti iwo anawalemba ndi adani, ife munatilemba ndinu, koma tonse tinatsala tikuyang'ana pakhungu la anthu.

Kenaka anaonetsa mzere wa pachipata, asilikali akulekanitsa ana ndi amayi awo. Mlendo uja anadzuka n'kutuluka. Ndinamutsata, ndinamupeza kuseri kwa tchalitchi atagwira mtengo wa mango, akunjenjemera thupi lonse. Mtima unafuna kumugwira paphewa, koma mutu unakana. Pokumbuka zotere amanjenjemera wogwidwa, amanjenjemeranso wogwira.

Mzere umenewo unandibwezera pa mzere wathu. Ndilemba, ngakhale munandiletsa kuzitchula. Linali tsiku lachitatu chitigwirireni anthu a mfuti aja n'kutitengera kumsasa kwawo kutchire. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Zuze zisanu ndi zitatu. Ankasankha ana aamuna, ndipo aliyense ankamupatsa chibonga kuti amenye mayi ake, n'cholinga choti asadzalakelakenso kwawo. Tinaona zimene anamuchititsa mwana wa a Fatima, anansi athu. Atamukoka Zuze, a mfutiwo anafunsa kuti mayi wa uyu ndani. Zuze anakuyang'anani. Inu munayang'ana pansi n'kunena kuti, “Sindimdziwa. Tinamutola panjira.” Anamutenga osamupatsa chibonga.

Patapita milungu itatu anatituma kukatunga madzi, ndipo tinasiya zidebe pamchenga n'kutsata mtsinje, masiku asanu tikudya masau mpaka kumalire. Kwa anthu munkanena kuti Zuze anamugwira kumunda inu kulibe. Mawu a pamzere aja tinkawadziwa awiri, inu ndi ine, ndipo ndikudziwa kuti ndi amene ankakuwondetsani kuposa chifuwa chija.

Ndiye ndinamutchera msampha mlendoyo. Tikusenda mtedza pakhonde ndinamufunsa kuti, “Amai anakuuza chani tsiku lomaliza?” Ndinkadziwa kuti wabodza anena zokoma, kuti munalira, munamudalitsa. Iye anangoyang'ana m'lichero n'kuti, “Alongo, nizakamba kumanda.” Ndinati m'mtima, wagula nthawi kuti akafunse kwina.

Mwambo mukuudziwa, wachibale amene sanakhale nawo pamaliro amaperekezedwa kumanda kuti akalire. Tinapita m'mawa Loweruka, ine, iye, ndi amayi atatu a m'mphakati wathu. Sanalire, Amayi, ngakhale dontho. Amayi aja anayamba kugwirana zigongono, ine manyazi ndi mkwiyo zitandigwira pamodzi. Iye ananjuta, nazula kaudzu kamodzi pamutu panu, n'kulankhula motsitsa moti ndinamva ndine ndekha.

“Amai, nafika. Lelo kulibe mfuti. Kodi nikali mwana wotola panjila?”

Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinalira kuposa tsiku limene tinakuikani. Ndipo pakamwa panga panayankha ndisanaganize, m'malo mwanu: “Ndiwe wathu.”

Musaganize kuti kukayika kwatha. Pobwerera mutu unayambanso ntchito yake. Pamzere paja sitinali atatu. Panali anthu ambiri, panalinso anyamata ogwira mfuti, ndipo onse anali ndi makutu. Mwina uyu anagona mphasa imodzi ndi Zuze zaka zambiri, namva nkhaniyo mpaka kuiloweza. Mwina ndi amene anamukwirira. Palinso mwina wina amene dzanja likukana kulemba. Ndimamuyang'ana kayendedwe, kasekedwe, mmene amagwirira khasu. Tsiku lina ndimaona atate, tsiku lina ndimaona munthu wa pa lole ya thonje. Rozina akamukwera pamiyendo, maso anga sachoka pamenepo.

Komabe dzulo ndinatenga khasu lanu lija la mpini wa mlombwa, ndinapita naye kudimba n'kumuonetsa malire, kuyambira pa nthochi mpaka pachitsa. A Lungu sanandiyankhule tsiku lonse. Akuti ndataya dimba chifukwa cha mawu asanu. Mwina akunena zoona. Koma ndinawerengera chonchi: ngati ndi wakuba, waba dimba, ndipo dimba ndi dothi. Ngati ndi mwana wanu ine n'kumuthamangitsa, ndiye kuti pakhomo pano tamukana kawiri. Inu munamukana kuti mumupulumutse. Ine ndikanamukana kuti ndipulumutse chiyani, repu ndi tomato? Munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Ndayamba kumuitana dzina, ngakhale limatuluka movuta ngati mbewu ya sau.

Inu kumeneko mukudziwa chimene ine sindingadziwe. Yang'anani pambali panu. Ngati Zuze ali nanu, muuzeni andikhululukire popereka dimba lake kwa mlendo, ndipo mumugwire dzanja pamaso pa onse. Ngati simukumuona, Amayi, gonani tulo, ali kuno, akuthirira mbewu kumtsinje.

Ndikulonjeza kuti maso anga sadzagona pa iye, koma mawu aja akuti “sindimdziwa” sadzatulukanso pakamwa pa munthu wa m'nyumba mwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Joakina