Mbalame ya Miyendo Itatu

Taquile,
9 Febuluwale, 1997

Okondedwa Achemwali Teodora,

Ndikhulupirira muli bwino ku Arequipako pamodzi ndi alamu a Cipriano ndi ana. Kuno kuchilumba tili moyo. Mvula ikugwa bwino, mbatatesi zachita maluwa, ndipo bondo la amayi lija lasiyako kuvuta. Ulusi wofiira munatumiza uja unafika ndi boti la Lachiwiri, zikomo kwambiri. Munafunsa ngati nkhani yanga ndi Rufina yatheka. Ndikuyankhani, koma muyambe mwakhala pansi, chifukwa mlongo wanu anachita chinthu chochititsa manyazi.

Mukudziwa kuti a Zenón, bambo ake a Rufina, sapereka mwana asanathire madzi m'chisoti chimene mnyamata waluka yekha. Chikasunga madzi ndiye kuti ndi munthu wosamala, chikadontha abwerere kwawo. Nanga ine ndikanatani? Pamene anzanga ankaphunzira kuluka kwa abambo awo, ife atate anali atatisiya kale, ndipo ine ndinali ku Puno kupalasa njinga ya katundu. Anzangawo amaluka akuyenda, akucheza, osayang'ana n'komwe. Ine ndimaluka lilime lili panja.

Ndinayamba mu Okutobala ndi masipoko asanu a njinga amene ndinanola pamwala kuti akhale singano zolukira. Katatu konse ndinamasula chonse n'kuyambiranso, chifukwa ndikaona cholakwa ngakhale chimodzi mtima sunkandilola kupitiriza. Kachinayi ndinamaliza, ndipo chimwemwe chake ndinachionetsa ngakhale nkhosa. Kenako ndinachikweza padzuwa. Achemwali, kuwala kunalowa! Pamene ulusi wofiira ukumana ndi woyera panali kabowo, kakang'ono ndithu, koma madzi safuna khomo lalikulu. Kumasulanso sikukanatheka, ulusi unali utatheratu mphamvu ndipo a Zenón anali atatchula kale tsiku.

Rufina nditamuonetsa anangoti, “Tangopita nacho chomwecho, iwe. Bambo saluma.”

“Saluma, koma amathira madzi,” ndinamuyankha.

Tsopano imvani tchimo langa. Mukukumbukira chisoti cha atate cha paunyamata wawo, chija amayi amasunga pansi pa bokosi? Chija ankatiuza kuti agogo, bambo awo a amayi, atathiramo madzi, atate anayenda nacho mpaka pabwalo la tchalitchi osagwetsa dontho? Lamlungu m'mawa, amayi atapita kokatsegulira nkhosa, ndinachitenga n'kuchibisa m'lamba. Ndinaba, achemwali, palibe mawu ena. Changa chobowokacho ndinavala kumutu, chifukwa china chimene ndili nacho n'chogula ku Puno, ndipo sindikanalowa nacho pakhomo pa a Zenón.

Titatuluka ku Misa ndinawapeza pabwalo pawo, mtsuko uli kale pambali. Tinapatsana masamba otafuna a koka monga mwa ulemu. Rufina ndi amayi ake anali pakhoma kupota ubweya, akuchita ngati sizikuwakhudza. Ndinatulutsa chisoti cha atate n'kupereka ndi manja awiri.

Mkuluyo anachitembenuza, nayendetsa chikhadabo pamzere wa mbalame, osafulumira.

“Waluka wekha ichi?”

“Inde, bambo.”

“Ndiye unayamba kuluka usanabadwe.” Anandikodola kuti ndiyandikire. “Tawerenga miyendo ya mbalame iyi.”

Ndinawerenga. Itatu, achemwali! Mbalame yachitatu kuchokera pamsoko ili ndi miyendo itatu, ndipo ife takhala tikuchigwira chisoti chimenechi ngati cha kuguwa osaona.

“Tsiku limene bambo ako a Marcelino analakwitsa apa tinali limodzi,” anatero a Zenón. “Ndinamuseka sabata yathunthu. Tsiku la madzi mtsuko ndinanyamula ndine. Chinadontha, mwana wanga. Chinadontha mpaka agogo ako ananyowa mapazi.”

Ndinasowa poloza nkhope. Ndinadziwa kuti Rufina ndamutaya, ndipo ndamutaya ndi manja anga. Ndinayamba kudzuka kuti ndizipita, koma mkuluyo anati, “Ukupita kuti? Bweretsa chili kumutucho.”

Anandigwiritsa chisoti changa chogadama n'kuyamba kuthira. Mbali yoyera inadzaza, osadontha. Madzi anakwera, anakwera, mpaka anafika pamene ndinkaopa paja, ndipo kabowo kanayamba kukodza ngati khanda, molunjika paphazi pawo. Rufina anaphulika kuseka m'nsalu yake yakuda, amayi ake n'kumugunda ndi chigongono. Ine misozi inali pafupi.

A Zenón anatseka bowolo ndi chala chachikulu, nadikira. Anapapasa pansi, anapapasa m'mbali.

“Ndi pano pokha, kwina konseku kwagwira. Ukudziwa chimene unalakwitsa?”

“Ndinalumpha ulusi posintha mtundu, bambo.”

“Ndiye ukudziwa. Wamasula kangati?”

“Katatu.”

“N'chifukwa chake ulusi watopa chonchi. Cholakwa ngati ichi sitigwetsera chisoti chonse. Timachitsikira ndi sipoko imodzi, n'kuchikoka mpaka pamwamba. Palibe anakuonetsa?”

“Palibe, bambo.”

Anayang'ana chisoti cha atate chili pabondo pawo. Kenako anati, “Bowoli silinandipweteke. Chandipweteka ndi ‘inde’ uja. Usadzandibweretserenso ntchito ya munthu wina, wamva? Ubwere Lachitatu ndi masipoko ako. Mkamwini wanga sangavale chisoti chofiira cha paukwati chogula kumsika.”

Mkamwini, achemwali! Ndinamva bwinobwino ndi makutu angawa. Madzi otsala m'chisoti ndinadzithira nawo pathalauza osadziwa.

Kunyumba ndinagwada n'kuwaululira amayi zonse. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anangolandira chisoticho, n'kupita molunjika pa mbalame ija osafufuza. Ndiye kuti ankadziwa zaka zonsezi. Ndinawafunsa kuti, “Amayi, nanga nkhani ya pabwalo la tchalitchi ija?”

“Iii, ndikanakuuzani chiyani, ana amasiye? Ndinkafuna muziyenda mutu uli m'mwamba,” anatero. “Chinadontha, inde. Ndinawauza agogo anu kuti ine ndikufuna mwamuna, osati mtsuko.”

Tinaseka mpaka tonse tinalira. Ndikuuzeni zoona, atate sindiwakumbukira bwino nkhope, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaopa ngati munthu wosalakwa amene sindingamufike. Tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuwasowa.

Bowo lija tinalikonza Lachitatu lomwelo, ntchito yosatha ndi ola lomwe. Chipsera chikuoneka ukayang'anitsitsa, koma ndikuvala chomwecho ndipo sindibisanso mbali imeneyo. Ukwati ndi mwezi wa Meyi. Chonde mubwere, ngakhale alamu atalephera kupeza tchuthi, chifukwa kumbali yanga kulibe wina woima pambali pa amayi koma inu. Mukandigulireko ulusi wobiriwira pang'ono, wa kunowu ukusuluka.

Ulusi wanu wofiira ndayamba kale kulukira chisoti cha paukwati. Ndalakwitsa kale kawiri, ndipo kawiri konse ndatsikira ndi sipoko imodzi n'kukonza ndekha, a Zenón akungoyang'ana kumbali ngati sakuona. Mzere wa mbalame ndamaliza dzulo.

Amayi akupereka moni, akuti ana azivala zofunda. Rufina akuti moni kwa alamu ake amene sanawaonepo, ndipo musakhulupirire zoti anaseka. Mundipatsire moni alamu a Cipriano, ndipo ana muwauze kuti agogo awo aamuna anali munthu ngati ife tomwe. Chisoti cha atate ndachibwezera m'bokosi. Mukabwera mudzachiyike pambali pa changa chofiirachi, mudzawerenge miyendo ya mbalame yachitatu kuchokera pamsoko. Yanganso ili ndi itatu, ndipo pamenepo pokha sindinalakwitse.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Eusebio