Pemphero la Mai Rhoda ku Lupaso

Lolemba, 8 Juni 1987

Mawawa tsiku lonse. Mzuzu ameneyu sindidzamuzolowera. Nsapato zosauma chiyambire Lachisanu.

Komiti ya abusa yakumana masana. Msonkhano wa chitsitsimutso ndi umodzi udzakhala pa 18 mpaka pa 20, kutchalitchi cha ku Lupaso. Abusa, akulu ampingo, atsogoleri a amayi, mipingo yonse ya m'tauni muno. Aka n'koyamba. Wapampando asankha ine. Ndimayesa andionera nzeru, mpaka Abusa Overtoun, mkulu wathu wa ku Nkhata Bay uja, anaulula: "Inu a Elson ndinu a ku Zomba, a boma sangakukayikireni ngati ife akuno." Onse kuvomera ndi mitu. Ndiye kuti chilolezo chikalembedwa m'dzina langa. Ndinathokoza, pakamwa pokha.

Lachitatu, 10 Juni

Kuofesi ya chilolezo chiyambire m'mawa. Benchi yozizira. Bwana wake waulemu mpaka kuchititsa mantha. Chilolezo wapereka, koma ndi mawu pamwamba: "Muzikapemphera basi. Mtsogoleri wa dziko mum'pempherere poyamba. Anthu amene boma likuwasunga musawatchule, ngakhale dzina. Wina akalakwitsa, ife tidzafunsa inu." Akuti atumiza munthu wawo adzapemphere nafe.

Ndamuuza mkazi wanga Jenet. Amangosita yunifolomu ya mwana wathu Peggy, kolala yomweyomweyo.

Lachisanu, 12 Juni

Komiti inanso, mkangano wokhawokha. A mipingo yakale akufuna munthu mmodzi azipemphera ena ali chete. A mipingo yatsopano akufuna tonse pamodzi, mofuula. Mlaliki Frackson anati matchalitchi athu azizira kuposa Mzuzu yemweyu. Abusa Overtoun anamuyankha kuti Mulungu si gonthi. Umodzi wake ndi umenewo. Pomaliza tagwirizana za mmodzimmodzi.

Tagawa mapemphero. La mabanja, tsiku lotsiriza, lapita kwa Mai Rhoda, mtsogoleri wa amayi kumpingo wa Abusa Overtoun. Palibe anatsutsa, ine ndemwe. Ndadzidzimuka ndili kale panjinga: amuna awo, aphunzitsi a Goodwell, a boma anawatenga chaka chatha pasukulu, masanasana, ana akuona. Mpaka lero sakudziwika komwe ali.



Lachiwiri, 16 Juni

Ndapita kwa Mai Rhoda ku Ching'ambo. Njinga ndinaisiya pagolosale, patali, kuti isaoneke pakhomo pawo. Mbusa wathunthu ine.

Anandilandira bwino. "Yewo chomene abusa, lero mwatikumbukira." Tiyi, chinangwa chophika. Ndinayamba ndi za mvula, kenako za umodzi, kuzungulirazungulira ngati galu wofuna pogona. Anandidula okha. "Chaka chathunthu dzina la bambo a Timothy silinamveke m'tchalitchi. Odwala mumawatchula, akufa mumawatchula. Iwowa ali mbali iti?"

Ndinati Mulungu amamva ndi za mumtima zomwe. Akuti, "Nanga msonkhanowo ngwachiyani? Aliyense akanangokhala kwawo n'kumapemphera mumtima."

Sanalonjeze kanthu. Anandiperekeza mpaka pamsewu, dala, anthu akuona.

Pobwerera ndadzera kwa Abusa Overtoun kuti awachotse papulogalamu. Akuti, "Ndikawauze kuti alakwa chiyani? Wapampando ndinu." Ndatuluka mtima uli phuphuphu. Pondikankhira kutsogolo anali ambiri.

Lachinayi, 18 Juni

Tsiku loyamba. Tchalitchi chodzaza, ena pamawindo. Anthu amene sapatsana moni pamsika lero amaimbira buku limodzi.

Munthu wa boma wabwera. Jekete yabulauni, Baibulo latsopano, pafupi ndi khomo. Amaimba besi yabwino, ndipo zimenezo zandinyansa.

Mtsogoleri wa dziko ndam'pempherera poyamba, mokweza, mosaphonya.

Frackson atapatsidwa pemphero anayambira kwa Adamu. Pofika kwa aneneri azimayi anali atayamba kukhosomola. Ndinachita zomwe wapampando aliyense amachita pemphero likatalika: ndinayambitsa kolasi, anthu n'kuilandira, mwiniwake n'kunenera Amen m'kati mwa nyimbo. Kuseka tchalitchi chonse, iye yemwe. Abusa Overtoun kundinong'oneza kuti mpando ndimautha.

Mai Rhoda kutsogolo, bulauzi yoyera ya amayi, duku loyera. Sitinayang'anane.

Lachisanu, 19 Juni

Lero kunachitika chinthu chenicheni, sindingakane. Abusa Overtoun anaimirira osaitanidwa, n'kupepesa kwa Frackson pamaso pa onse, kuti akhala akumunena paguwa kuti ndi wakuba nkhosa za eni. Frackson kugwada, nkhalamba kum'dzutsa. Anthu kulira. Inenso ndinalira. Mwina chitsitsimutso chija ndi chimenechi. Kwa kanthawi jekete ija ndinaiiwala.

Kunyumba Jenet wayankhula tsopano. "Bambo a Peggy, nyumba ino ndi ya mpingo. Akakutengani, ine ndi anawa tikalowera kuti? Ku Zomba n'kutali." Ndam'kalipira. Chifukwa akunena zoona.

Kuseri kwa chitseko ndapeza kachikwama. Juzi yanga yokhuthala, sopo, mswachi, mankhwala a m'mimba. Sanandiuze, inenso sindinam'funse.

Ambuye, apatseni Mai Rhoda chimfine. Taonani zomwe ndafika popempha.

Loweruka, 20 Juni

Zatha.

Mai Rhoda anaimirira nthawi yawo itakwana. Anapemphera m'Chichewa, osati m'Chitonga chakwawo, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Akazi amasiye, mabanja opanda mwana, amuna omwa, ana olowerera. Mawu odekha, osanjenjemera. Ndinayamba kupuma. Kenako: "Ndiponso Atate, alipo mabanja amene bambo anatsanzika m'mawa kupita kuntchito, mpaka lero mbale yawo timangoitsuka." Tchalitchi chonse zii. Mvula yokha pamalata.

Ndinatsegula maso. Wajekete naye maso otsegula, ali pa iwo.

"Inu mukudziwa komwe ali mwana wanu, dzina lake..."

Ndinayambitsa kolasi.

Mawu anatuluka opyapyala, ngati a mwana. Woyamba kulandira Abusa Overtoun. Kenako Frackson. Kenako onse. Chibwerere ku Mzuzu sindinamvepo kuimba kotere. Akale ndi atsopano, akumpoto ndi akummwera, liwu limodzi, m'manja mpaka kuwawa. Umodzi tinkaufuna uja.

Mai Rhoda sanasiye. Milomo imayendabe, misozi mpaka pabulauzi, koma palibe anamva. Dzinalo analitchula, ndinaona pakamwa. Amen sananene. Anatola Baibulo lawo n'kutuluka kudzera pakati, ife tikuimbabe. Palibe anawatsatira. Sindinadziwe poithera nyimboyo, tinangoibwerezabwereza.

Panja aliyense kundigwira chanza. Msonkhano wayenda bwino, abusa. Mulungu wakugwiritsani ntchito, abusa.

Ndikudziuza kuti ndawapulumutsa iwonso. Akanatengedwa, Timothy ndi azing'ono ake akanatsala ndi yani? Ndanena zimenezi kwa Jenet, wati inde. Ndanenanso, wati wamva kale. Juzi waibwezera musutikesi.

Ndikuchita manyazi. Ndiponso mtima wakhala pansi. Zonse ziwiri.

Lachitatu, 24 Juni

Masiku apitawa ndinalibe cholemba. Lamulungu ndinalalikira, za chiyani sindikukumbuka.

Mai Rhoda sanapite kutchalitchi. Akuti Lolemba anakasiya bulauzi ndi duku kwa mai busa, zochapa, zosita bwinobwino. Ndakhala ndikuti ndipita ku Ching'ambo. Tcheni cha njinga chavuta.

Lero papositi ofesi, wajekete. Ndinayesa kuyang'ana kumbali. Anawoloka msewu, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, anthu akuona. "Abusa, bwana akondwa nanu kwambiri. Mwatipeputsira ntchito. Anthu omva msanga ngati inu ndi amene timawasowa." Akuti kuyambira tsopano sazitumizanso munthu kumisonkhano ya abusa, palibe chifukwa. Ndizingodzera kuofesi ikatha, n'kuwafotokozera momwe yayendera, wanena chakuti ndani. "Lachisanu m'mawa tikudikirani. Tiyi adzakhalapo."

Dzanja langa analisiya mochedwa.

Komiti ikumana mawa kwa Abusa Overtoun. Anditumizira kale uthenga: abusa onse agwirizana, popanda wotsutsa, kuti ndipitirize kukhala wapampando. Akuti ndine munthu amene onse akumukhulupirira.