Bokosi la pansi pa bedi

Kanyama, Loweruka, mwezi wa Febuluwale

Malo osungiramo katundu m'galimoto yanga, poyeza ndi ndowa ya madzi:
Pansi pa mipando iwiri: zinali ndowa 6, tsopano 9
Makabati a pamwamba: zinali 4, tsopano 5
Pomwe panali thanki ndi kachimbudzi: panalibe, tsopano 7
Pansi pa bedi: zinali 5, tsopano 14
Zonse pamodzi: zinali 15, tsopano 35

Amayi anga, kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno mvula sikukata. Manambala ali pamwambawa musadabwe nawo. Uphunzitsi wa masamu ndinapuma, koma kuwerengera sindinapume.

Nyumba yomwe munatsirizikiramo ija kulibenso. Madzi a chaka chatha anafewetsa khoma, linagwa ndili kutchalitchi. Tsopano ndimakhala m'galimoto ija ya azungu okaona nyama, yomwe malemu amuna anga anaikokera pabwalo injini itafa n'kuikweza pa mabuloko. Inu munkaitcha khola la nkhuku lamatayala. Khola lomwelo ndi limene landisunga. Madzi akasefukira amadutsa pansi, ine ndili pamwamba. M'matayala ake anayi ndinadzalamo repu. Awiri achita bwino, enawo nkhono zamaliza.

Nkhani yabwino ndi imodzi. Thoko, mdzukulu wanga uja munkamumeta ndi sizasi ya nsalu, wabereka mwana wamkazi ndipo wamutcha dzina lanu, Esinati. Nkhani yoipa ndi ya Thoko yemweyo. Mwamuna wake, kondakitala wa minibasi ku Chazanga, amamumenya. Itatha Khirisimasi anabwera mlomo utang'ambika, n'kunena kuti, “Ambuya, nipaseniko pogona na mwana, olo pansi.” Koma pansi pa galimotoyi ndi chitsulo chozizira chadzimbiri, komanso ponsepo panali podzaza ndi katundu wopulumuka m'nyumba muja. Ndinamuuza kuti apirire pang'ono ndikonze malo. Anabwerera kwa mwamunayo.

Ndinagwira ntchito, amayi. Thanki yobowoka ndi kachimbudzi ndinazula, pamenepo ndinaika mashelefu. Pansi pa mipando panali matabwa ogawa malo omwe ankangodya danga, ndinawachotsa. Ndinaona kuti zinthu zozungulira zimasiya makona opanda ntchito, ndiye ndinadula zigubu za mafuta ophikira kukhala timabokosi, ufa umu, nyemba umu, makandulo umu. Mapoto ndinalowetsa ena m'kati mwa anzake. Thiranki yanu yachitsulo, ija munabwera nayo kuchokera ku Dedza potsatira abambo ku ntchito ya njanji, inakana kulowa paliponse. Ndinaipereka kwa mayi wina wa kutchalitchi. Munali zinthu zanu 41, ndinasunga 9, pamodzi ndi duku lanu loyera la Chigwirizano. Ndinalira, koma ndinati malowa ndikupatsa Esinati wina.

Panatsala pansi pa bedi. Ndinaganiza zoti pakhale bokosi lalitali lokoka: masana lizisunga zofunda ndi matewera, nthawi yogona tizilikokera pakati n'kukhala bedi la Thoko ndi mwana, lotalikirana ndi chitsulo, lokhala ndi m'mbali kuti khanda lisagubuduke. Ndinayeza. M'litali masentimita 180. Kumutu 60, koma kumiyendo 40 okha, chifukwa pamenepo chitsulo chinatukuka posiyira malo tayala.

Kalipentala amene ndimamudziwa ndi mmodzi, a Mulenga, aja amakhoma mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu. Ndi omwe anakhoma lanu, ndi la Giresi mwana wanga, mayi ake a Thoko. Ataona pepala langa anaseka. “Ba Ticha, iyi ni nchito ya siku imozi. Shepu iyi manja yanga yaiziba.” Ine ndinangoti ndi kudzitama kwa amisiri. Analibweretsa pa wilibala litapakidwa vanishi, lili ndi chivundikiro chake ndi zogwirira zonyezimira zisanu ndi chimodzi. “Mahendo nakuikilani ya mahala,” anatero. Linalowa pansi pa bedi osasiya mpata ngakhale wa chala. Ndinaomba m'manja. Ndowa 14! Ndinadula matiresi molingana ndi mkati mwake n'kuyala nsalu yoyera yomwe ndinkasungira alendo.

Munkandiuza ndili mtsikana kuti, “Iwe Elube, ukatha kuwerengera uziimako patali n'kuyang'ana.” M'galimoto muno mulibe poimira patali, amayi.

Nditamutumira uthenga, Thoko anafika Lolemba m'mawa, mwana kumbuyo, chikwama pamutu. Diso limodzi linali lotupa. Ndinamuonetsa mashelefu, zigubu, msomali wopachikapo ambulera. Ankamwetulira. Kenako ndinagwada n'kukoka bokosi lija, ndinatsegula chivundikiro.

Bana Chanda, mayi oyandikana nawo nyumba, anali atasuzumira pa windo monga mwa chizolowezi chawo. “Iyee, ba Ticha bakonzeka kale-kale!” Anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

Thoko anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda chitseko. “Ambuya, ni vichani ivi? Mufuna nigone mu kofini na mwana wanga?”

Ndinayamba kumufotokozera za tayala, za 60 ndi 40. Sankamva. Maso ake anali pa zogwirira zija. “Mahendo aya niyaziba. Ni yamene yenze pa bokosi ya bamami. Nenze na zaka twelufu, ninagwilako na manja yanga.”

Pamenepo m'pamene nanenso ndinaliona, amayi. Lotambasuka kumapewa, lopanikiza kumiyendo, nsalu yoyera mkati. Ndinali nditagona pamwamba pake masiku angapo osaona kanthu.

Ndinati, “Chabwino, iwe ndi mwana tengani bedi langa, ine ndizigona umu.”

“Ndiye nizikuonani muligone mwamene umo m'mawa ulionse? Awe, ambuya.”

Ndinati ndilitulutsa tsiku lomwelo, tiliwaze nkhuni. Anati mwana ali ndi miyezi iwiri yokha ndipo walowa kale m'nyumba yokhala ndi bokosi, apongozi ake akamva adzati chiyani? Anawonjeza, akuyang'ana pansi, kuti mwamuna wake dzulo lake anapepesa. Anasenzanso chikwama. Esinati wamng'ono sindinamunyamule n'komwe. Ndinangoona kaphazi kake kakulendewera m'chitenje akudumpha zithaphwi.

Zogwirira ndinachotsa, bokosilo ndinalipaka penti yobiriwira. Ndi lomwe lija. Thoko foni sakuyankha. Mayi wina wogulitsa tomato ku Chazanga akuti anamuona pa mpopi atamanga mkono ndi nsalu. Kuno ana omwe ankabwera kuti ndiwathandize masamu a kusukulu aleka, makolo awo amva kuti nkhalamba ya m'galimoto imasunga bokosi. Kulitaya ndalephera. Ndikalitulutsa pabwalo, kompaundi yonse iliona, komanso zofunda zibwerera pansi pomwe ndinalonjeza kuti pakhala pa mwana.

Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikwera minibasi kupita ku Chazanga. Ndikamuuza kuti abwere basi, pogona tidzaona. Ndi mawu omwe ndikadanena tsiku loyamba lija. Sindikudziwa ngati akanditsegulire.

Dzulo masana ndinalowamo kuti ndiyese. Ine ndine wa masentimita 158, ndiye kumiyendo kunatsala 22. Simumalowa mphepo. Ndinakhalamo kanthawi ndikumva mvula padenga. Ndikulonjezani chimodzi, amayi: tsiku lobwera kwanuko sindidzavutitsa munthu ndi zopempha matabwa. Mumupatse moni Giresi, koma za mkono wa Thoko musamuuze.

Malo osungiramo katundu: ndowa 35
Zinthu zanu zotsala: 9
Ogona muno monga ndinawerengera: 3
Ogona muno lero: 1

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube