Katemera wa Mdzukulu ndi Makina Osokera

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno impso imene anandipatsa mnyamata wanga ija ikugwira ntchito, bala linapola, mankhwala ndikumwa osaphonya.

Koma pali kanthu kakundisowetsa mtendere. Mdzukulu wanga wakhanda uja anakamudonthezera katemera wa poliyo m'kamwa. Adokotala anati popeza mankhwala anga amafooketsa chitetezo cha m'thupi, khandalo lisandiyandikire kwa milungu ingapo. Mpongozi wanga sanadikire kuuzidwa kawiri. Tsiku lomwelo analongedza, n'kunena kuti, "Bambo, tikakhale kaye kwa amayi, tingakupatsireni matenda." Ine ndinathokoza.

Milunguyo inatha kalekale. Anamwino anandiuza kuti khanda likhoza kubwera, ndilinyamule mmene ndingafunire. Mnyamata wanga ndikamufunsa amangoti, "Abwera, adadi," maso ali pa foni. Malaya akusita yekha, wapsereza kale makolala awiri.

Simunaiwale kuti mpongozi yemweyu ndi amene analira pakhonde la chipatala kuti mwamuna wake asachotsedwe impso, iye ali ndi pakati. Sikuti ndikunena kanthu, achemwali. Mwina kukhala pakhomo tsiku lonse kukundiganizitsa zambiri.

Inu mumapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi ake. Mukakumana nawo musafunse chilichonse, mungoona ngati akuyang'aneni m'maso popereka moni.

Dzulo kunabwera galimoto kudzatenga makina osokera a mpongoziyu. Ngati makinawo nawonso anawadonthezera katemera, mundidziwitse.

Ndine mlongo wanu,
woyenda ndi impso ya eni ake.