Kiliniki Yathu Yakula, Odwala Akusowa Womumvera

Aphungu,

Ndine namwino pa kiliniki ina kuno ku Limbe, ndipo ndinayamba ntchitoyi ndili mtsikana. Kale tinalipo ochepa: ine, dokotala wathu a Morris, ndi a Sabiha opereka mankhwala. Tinkamwera tiyi pabenchi kuseri, ndipo pomatsuka makapu tinkakhala titakambirana za wodwala aliyense. Wodwala akajomba, a Sabiha ankati, "Mayi aja a ku Chinyonga sanabwere, ndiwadzera poweruka." Masiku amenewo ndimawasowa.

A Morris anapuma pantchito, a Sabiha anatisiya. Kiliniki yakula. Kwabwera a mafizo olimbitsa ziwalo, katswiri wa zakudya, ndi madokotala achinyamata a Chingerezi chothamanga. Ena ngakhale mayina sindiwadziwa.

Mwezi watha a Enock, bambo odwala shuga amene ndawasamalira zaka zambiri, anakomoka podikira minibasi. Dokotala anawaonjezera mankhwala, wa zakudya n'kuwachepetsera chakudya, wina osadziwa zomwe mnzake wachita. Ine ndinamva atagonekedwa kale. Nditakawazonda anati, "Sisitala, kale ndinkabwera kwa inu. Lero ndizimvera ndani?"

Mtima ukuti ndipume pantchito msanga. Ndichite bwanji?

C.M., Limbe

Mayi C.M.,

Musachoke. Palibe cholakwika kusowa anzanu akale, munali pa gulu labwino. Koma kumbukiraninso odwala sitiroko omwe munkawabweza kwawo atalumala chifukwa panalibe wa mafizo. Anthu atsopanowa abwera ndi luso lomwe atatu inu munalibe. Chomwe chatayika ndi kuuzana.

Pitani kwa mkulu wa kiliniki, muwafotokozere za a Enock monga mwandifotokozera ine. Pemphani kuti wodwala aliyense wa matenda okhalitsa akhale ndi kagulu kochepa komusamalira, komanso munthu mmodzi woti azimva chilichonse chomwe chasinthidwa. Kwa a Enock, munthuyo akhale inuyo. Kenako khalani pansi ndi dokotalayo pamodzi ndi wa zakudya, mugwirizane chimodzi chokawauza bambowo. Mayina a anzanuwo muwaphunzire sabata ino. Munthu amene simumudziwa dzina n'kovuta kumufunsa kanthu.

Chenjerani ndi mawu akuti "nthawi yathu ija", achinyamata akawamva amatseka makutu. Ndiponso musakaloze munthu chala. Mukatero aliyense adzayamba kudziteteza, ndipo cholakwika chotsatira adzakubisirani mpaka chitapha munthu.

Aphungu