Malo Ndi Amodzi

Lolemba, 6 Meyi

Kampani ya sopo yandiitana. Intavyu Lachinayi, 8 koloko. Ntchito yolandira alendo ndi kuyankha mafoni. Kalata ya nambala 31 chitsekereni kampani yathu, yoyamba kuyankhidwa. Zaka 46 ine. Ndasita siketi yakuda ija, zipi ikukana. Bambo a ana akuti, "Ungopita, koma usaikepo mtima." Ndauikapo kale.

Lachinayi, 9 Meyi

Anthu khumi ndi anayi pa benchi la m'khonde, aliyense envelopu pamiyendo. Ana okhaokha. Wachitatu kuchokera pakhomo, mwana wa achimwene anga, yemwe ndinamulera ndine mayi ake atamwalira. Maso tong'o. "Azakhali, inunso?" Inenso.

Anandipatsa malo ake. Mlonda n'kundifunsa ngati ndaperekeza mwana.

M'katimo anthu atatu. Wamagalasi maso pafoni mpaka ndinatuluka. Mayi wokhala pakati: "Zaka zisanu zikubwerazi mukudziona muli pati?" Ndinati pompano. Anaseka. Ine sindimanena nthabwala.

Lachisanu, 17 Meyi

Zii. Foni ndikulowa nayo ndi kubafa komwe.

Lachiwiri, 21 Meyi

Atiitananso, anayi okha. Ine ndi mwana wa achimwene uja tilimo. Malo ndi amodzi.

Mayeso a pakompyuta. Pulogalamu yake sindinaionepo chibadwire. Zala zomwe zatayipa zaka 19, lero ngati zobwereka. Iye anamaliza msanga koma osatuluka, kunamizira kuwerenganso ntchito yake. Kundidikira. Zimenezo zinandiwawa kuposa mayesowo.

M'basi za ntchito sitinakambe. Tinakamba za nsapato zake, akuti zikumuluma.

Lamlungu, 26 Meyi

Kunabwera achimwene. Kuzungulirazungulira, za mvula, za msana wawo, kenako: "Achemwali, mwanayu moyo akuuyamba kumene." Nanga ine ndaumaliza? Ndinangowathirira tiyi wina.

Lachitatu, 5 Juni

Foni yalira 10 koloko m'mawa, nambala ya kampani. Ndinaimirira, kaya chifukwa chiyani. Mayi wokhala pakati uja. Akuti mtsikana wina amene akufuna kumulemba ntchito anapereka dzina langa ngati munthu womudziwa bwino, kodi ndingamuchitire umboni? Sanandizindikire n'komwe. Dzina langa lili pamapepala awo kawiri.

Ndinanena zoona. Sachedwa, sanama, mlendo amadziwa kumulandira. "Zikomo mayi, mwatithandiza kwambiri." Za ine sindinafunse. Ndinakhalabe chiimire, foni kukhutu, iwo atadula kalekale.

Masana uthenga wake: "Azakhali, inu akuimbirani? Ine sanandiuze kanthu." Ndalemba yankho kanayi, kufufuta kanayi. Mwana wanga yemwe, ndinamubereka kumsana ndine. Ndikufuna ndiyambe ndasangalala, kenako ndimuyankhe.

Sindinamuyankhebe.