Agwape ovala majuzi m'munda wa mphesa

Aphungu,

Ndithandizeni.

Ndinakwatiwa m'banja lolima mphesa kuno kunja, kudziko lozizira, kumtunda kwa nyanja ya Seneca. Munda ndi waung'ono, vinyo timapanga tokha, ndipo apongozi anga aamuna, a Wendell, safuna n'kumva komwe za mankhwala ophera udzu. Ine ndiye ndinabwera ndi nzeru ya nkhosa, kuti zizidya udzu m'mizere n'kumasiyamo manyowa, thirakitala ipumeko. Anakana zaka ziwiri. Chachitatu anati, “Chabwino mayi, koma lamulo ndi limodzi. Mphesa zikangoyamba kuphukira, nkhosa zanu kunja.”

Chaka chino chisanu chinachedwa kutha. Mu Meyi apongozi anagonekedwa kuchipatala kuti awakonze bondo, mwamuna wanga Curtis n'kupita kukawadikirira. Kenaka kunatentha masiku atatu otsatizana. Ine ndinali kalikiliki kumata mapepala pamabotolo, n'kumati nkhosa ndizitulutsa mawa. Lachinayi m'mawa ndinapeza mzere wakumunsi uli mbee, mphukira zonse zadyedwa. Mzere umenewu anabzala ndi manja awo malemu apongozi aakazi, a Marjorie, ndipo vinyo wake timalemba dzina lawo.

Curtis atabwera ndinati ndi agwape. Pakamwa panangoyankhula pokha. Iye osavula n'komwe jekete, ulendo kwa a Orrin oyandikana nafe, amene amatayira agwape maapozi oola kuseri kwa nyumba yawo. Ndinamumva ndili pakhonde akukuwa, “Alendo anuwo muziwadyetsera pabalaza panu, mwamva madala?” A Orrin atithandiza kukolola zaka makumi atatu. Lero akadutsa pagalimoto amayang'ana kumbali.

Apongozi atatuluka m'chipatala anayenda mzere wonse ndi ndodo. Lamulungu tikudya, anaika kaubweya koyera pafupi ndi mbale yanga n'kuti, “Ndatola pawaya wakumunsi. Agwape a chaka chino avala majuzi.” Basi, n'kupitiriza kudya.

Aphungu, mkuluyu anali atalonjeza kuti tikakolola adzandipatsa sizasi yodulira ya a Marjorie, kutanthauza kuti munda ndiziyang'anira ine. Ndimaufuna mundawu ndi mtima wonse. Ndikaulula, sandilanda? Kapena ndingokhala chete, ziiwalike?

L. H., Hector

Mayi L. H.,

Pepani, ndaseka kaye ndisanakuyankheni. Mukufunsa ngati muulule? Muulula chiyani chimene sichikudziwika? Munthu akuikirani umboni pafupi ndi foloko, inu mukuyesabe kuti muli ndi chinsinsi! Pakhomo panupo amene sakudziwa ndi Curtis yekha, ndipo ndikumumvera chisoni.

Nkhosa musazinene, zinagwira ntchito imene munazilembera. Kuzengerezako nakonso ndi kwa mlimi aliyense wa kuno kozizira, kumene mphesa zimagona miyezi isanu n'kudzuka tsiku limene watanganidwa. Mitengoyo sinafe. Iphukiranso, kungoti vinyo wa a Marjorie chaka chino achepa. Chimene chandiipira ine ndi cha a Orrin. Mkulu wosalakwa wanyozedwa pakhomo pake chifukwa cha lilime lanu, ndipo mlandu suola.

Yambani ndi Curtis, lero lomwe, muli awiri. Akwiya, ndipo msiyeni akwiye, chifukwa munamutuma kunkhondo ndi mfuti yopanda zipolopolo. Mukatero mupite nonse kwa a Orrin, wapansi, botolo la vinyo wabwino lili m'manja, osati uja mumapatsa alendo olawa ulere. Woyankhula mukhale inu, mwamuna wanu azingogwedeza mutu.

Kwa apongozi musapite ndi misozi kapena nkhani ya kutentha kwa masiku atatu, nyengo amaidziwa kukuposani. Tengani kaubweya kaja, mukawabwezere m'manja, munene kuti, “Bambo, zinali nkhosa zanga, ndipo ndinanama.” Kenaka muwauze chimene mudzachite chaka chamawa: kuyendera mizere m'mawa uliwonse chipale chofewa chikangosungunuka, ndi kukonzeratu khola lina kunja kwa munda.

Za sizasiyo sindingakulonjezeni. Koma taganizani. Mkulu amene akanatha kukuyalutsani pamaso pa mwamuna wanu anasankha kukuponyerani nthabwala n'kubwerera ku mbale yake. Ameneyo sakulira mphesa, waonapo zambiri zikupita ndi chisanu. Akufuna aone ngati munthu amene amusiyire munda wa mkazi wake amatha kunena kuti “ndine”.

Chenjezo langa ndi ili: kudekha kwa nkhalamba kuli ndi malire. Munachedwa kale kamodzi chaka chino ponena kuti mawa, ndipo munaona chimene chinatsala pawaya. Lamulungu likubwerali lisakupezeni mukubisalabe kumbuyo kwa agwape.

Aphungu